Mbande za Bambo Zisapite ku Golomoti

Al Hilal, Doha
21 Febuluwale 2016

Okondedwa Achemwali a Tawina,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Msana uja unasiya, kapena mukulimabe ngati Dedza yonse imadya kwa inu? Ine kuno ndili bwino. Mimba yayamba kutsogola, moti a Shaibu, amene akubweretserani kalatayi, akuuzani kuti ndalemera. Musawamvere. Ndi mpunga chabe ndi kukhala pachiwongolero tsiku lonse.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Pafoni ndimangochita nthabwala, mumandidziwa, ndipo inu mukangomva kuti nkhani yayamba kulemera mumati netiweki yavuta. Pepala lilibe netiweki. Pezani pokhala, muwerenge mpaka kumapeto.

Kuno akuti ndi nyengo yozizira. Anthu avala majekete, pomwe kwathu ku Linthipe tikanati kwacha bwino, tiyeni tikachape. Ntchito ndi yomwe ija: m'mawa ana a bwana kusukulu, masana madamu kumashopu ku Al Sadd, madzulo kutsuka galimoto imene fumbi limaibwerera ndisanayanike nsanza. Mzinda wonse aukumbakumba, akuti akumanga njanji ya pansi pa nthaka. Msewu umene wadutsa m'mawa, pobwerera umapeza wasamuka. Setifiketi yanga ya uphunzitsi ili bwino, ikupuma m'sutikesi.

Lachisanu lapitali bwana anali ndi alendo, ndiye anati ndiwatengere kumpoto kukaona bwinja. Inde, bwinja. Kuno anthu amasamba, kudzola mafuta onunkhira, kuthira petulo, ulendo wautali m'chipululu, kukaona malo amene eni ake anathawa. Kwathu pabwinja timadzalapo maungu ndi fodya, ndipo mwana akamasewerapo timamukalipira. Kuno amajambulitsapo.

Ndi linga la mafumu akale, lomangidwa ndi miyala ndi dothi. Chikwangwani chake chimati lakhala zaka mazanamazana. Denga kulibe. Makoma ena amafika m'chiuno, ena m'mawondo, ndipo pangodya imodzi patsala nsanja yong'ambika pakati, pomwe alonda ankaonera adani. Pakhomo palibe chitseko, koma ine pofika ndinavula chipewa n'kunena kuti odi. Zinangochitika. Ana a bwana anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo madamu anandifunsa ngati ndaonamo munthu. Ndinawauza kuti kwathu nyumba ngakhale igwe imakhalabe ya mwini wake. Anati khalasi, ndiko kuti basi zatha, ndinyamule madengu a chakudya.

Aka sikanali koyamba kufikako. Ndinapitako chaka chatha mwezi ngati uno, amayi akadali moyo, ndipo chimene ndinakondako si miyala ayi. Kuseri kwa lingalo kuli dimba lakale, lokhala ndi chitsime pakati. Muli akanjedza obereka zipatso zija amati tende, zimene ndinakutumizirani inu n'kunena kuti zikutsekemera ngati zili ndi cholinga. Munalinso mandimu, ndi timasamba tonunkhira m'mbali mwa ngalande. Munthu wayenda m'mchenga mpaka maso kuwawa, kenaka n'kungoona zobiriwira.

Ankasamala dimbalo ndi bambo wina wachikulire wa ku Sudan, dzina lake a Dauda. Ulendo woyambawo, mabwana akujambulana pansanja, ine ndinakhala nawo pamthunzi. Tinkacheza m'Chiarabu changa chothyokathyoka ndi Chingerezi chawo chopunduka, manja n'kumamaliza zotsala. Ndinawaona akukwera kanjedza ndi chingwe m'chiuno, munthu wa imvi, atanyamula maluwa a mtengo wamphongo kukamangirira pa maluwa a mtengo waukazi. Anati popanda kutero zipatso zimangokhala zachabechabe. Ndinawauza kuti kwathu munthu wa ntchito yotere timamutcha nkhoswe. Ataimvetsa nkhaniyo anaseka mpaka kutsokomola.

Anandiuza kuti anabwera kuno ali mnyamata, ndipo theka la mitengoyo anadzala ndi manja awo pomwe yakale inafa. Ndinawafunsa, mwachipongwe changa chija, ngati amadziwa kuti ngakhale tsamba limodzi si lawo. Anati iwo amadziwa bwino lomwe, koma mitengoyo siidziwa.

Lachisanu lapitali ndinatenga tiyi m'fulasiki kuti tikamwe awiri. Nditazungulira khoma, ndinapeza pamthunzi paja pali mpando wapulasitiki ndi mlonda wachinyamata wa ku Nepal akusewera ndi foni. Anandiuza kuti a Dauda anawakweza ndege miyezi yapitayo. Sanalakwe kanthu. Zaka zinangopitirira, pepala lawo lokhalira m'dziko silinawonjezedwe, basi. Akuti anawathokoza bwino, anawapatsa ndi wotchi.

Achemwali, dimbalo silinafe, ndisakunamizeni. Galimoto ya madzi imabwera kudzathira. Koma ngalande zakwiririka ndi mchenga, mandimu awiri auma chiimire, ndipo masamba akufa akulendewera pa akanjedza ngati nsanza chifukwa palibe wowasadza. Maluwa atuluka, nyengo yake ndi ino, koma wokwera kulibe. Ndinayang'ana m'mwamba nthawi yaitali. Ndinakumbuka kuti a Dauda anandiuza kuti kumudzi kwawo onse owadziwa nkhope anatha, ndipo akadzabwerera adzachita kufunsa njira ya kwawo kwa ana. Tiyi uja ndinamupatsa mlonda. Pobwerera madamu anafunsa chifukwa chake Macfussy walero sakulankhula. Ndinati ndi fumbi.

Tsopano mwadziwa kumene ndikulowera, ndipo ndikukuonani mukufuna kupinda pepalali. Musapinde.

Ndamva kuti malume a Wickson akuti tikakolola, pa kumeta kwachiwiri kwa maliro a amayi, bambo asudzulidwe abwerere kwawo ku Golomoti, nyumba ija igwetsedwe monga mwa mwambo, dimba ligawidwe. Sindinamve kwa inu. Nditakufunsani munangoti tiona. Mawu akuti tiona ndimawadziwa, ndi amene munkandiyankha ndikapempha chipisi chanu tili ana, ndipo sindinaonepo kanthu.

Sindikunyoza mwambo. Ndikudziwa kuti bambo ndi mkamwini, nthaka ndi ya kuchikazi, ndipo malume sakuchita zachilendo. Sindikufunanso kuti anthu azinena kuti mwana uja anapita kukoleji, kenaka kwa Aluya, ndiye wayamba kuphunzitsa akulu kumeta. Pamaliro pomwe sindinalipo. Bwana anali kunja, chilolezo chotulukira m'dziko chinachedwa, ndipo amayi munawaika ine ndikudikira ana pageti ya sukulu. Choncho pabwalo mawu anga ndi opepuka, ndikuvomera. Koma anu si opepuka. Amayi atapita, mayi wa pakhomopo ndinu. Dimbalo mwambo womwewo ukulipereka kwa inu.

Ine ndimamva kuti kusudzula n'kumasula munthu, kuti ngati akufuna kupita kapena kukwatiranso apite popanda mlandu. Sindinamvepo kuti n'kupirikitsa. Nanga bambo akakwatira yani ndi mawondo aja? Ku Golomoti akafikira kwa yani? Azakhali anamwalira, abambo aang'ono anamwalira, malo awo analimidwa kalekale ndi adzukulu amene amangowadziwa kuti ndi agogo a ku Dedza obwera ndi mapichesi pa Khirisimasi.

Amati mlendo ndi mame. Koma mame ake ati amene amakhala pamudzi mpaka kumera imvi, kubereka inu ndi ine, kukumba manda a theka la mudzi? Mukukumbuka mmene ankawasekera pomwe anayamba kudzala mitengo kudimba. Ankati mkamwini wanzeru amadzala chimanga, chifukwa chimanga umadya chaka chomwecho, mtengo umasiyira eni. Iwo ankangomwetulira n'kumapitiriza kumezanitsa mapichesi awo ndi kampeni kaja. Mitengo imeneyo ndi imene inakugulirani yunifolomu, ndi imene inanditumiza kukoleji. Malume omwewo mapeyala a m'dimbamo amawadziwa kukoma kwake kuposa tonsefe, ndipo chipewa chawo n'chachikulu pazifukwa zomveka.

Sabata yatha ndinawaimbira bambo. Simungakhulupirire, sanadandaule ngakhale pang'ono. Anafunsa ngati ndikudya, anafunsa ngati kuno mvula inagwako. Za kusudzula anati ndi mwambo, iwonso anaupeza, ndipo safuna kuti mudzakangane ndi malume anu chifukwa cha iwo. Kenaka anandiuza mokondwa kuti akonzeka kale. Akuti afesa mbande za mapichesi m'mapepala a shuga, azindandalika kuseri kwa nkhokwe, kuti akadzanyamuka adzatenge akadzale kwawo.

Achemwali, ku Golomoti n'kuchigwa, kotentha. Pichesi sabereka kumeneko. Bambo akudziwa zimenezi kuposa munthu aliyense m'boma la Dedza. Ndinafuna kuwauza, koma ulendo uno amene ananamizira netiweki ndine.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo silofuna kuti mukakweze mawu pamaso pa malume. Mvula isanathe, tengani khasu lanu, mupite kuseri kwa nkhokwe, munyamule mbandezo, muwaitane bambo mutsikire nawo kudimba. Dzenje loyamba mukumbe inuyo, masana, anthu akudutsa popita kumtsinje. Iwo aikemo mtengo. Mukatero mudzi wonse udziwa kuti mwini nthaka wanena chiyani, ndipo tsiku la kumeta likadzafika malume adzapeza nkhani itamera kale. Ngati afuna kuwasudzula, awasudzule, mwambo ukwanire. Ngati nyumba iyenera kugwa, igwe, tidzamanga ina pafupi ndi yanu. Koma munthuyo atsale.

Bambo musawauze kuti ndalemba. Akana, mumawadziwa, anena kuti sakufuna kulemetsa ana. Ingowauzani kuti mbande zikuvutika m'mapepala, mizu yayamba kupindika. Zimenezo sangakane.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, ndipo muwauze kuti nkhaniyi aimvetsere bwino, pakuti nawonso ndi mkamwini ndipo ana awo akuonera. Moni kwa ana onse, kwa amayi aang'ono, ndi kwa malume a Wickson, mowagwadira ndithu, chifukwa ndimawalemekeza ngakhale tasiyana maganizo. Mukapita kumanda mukawauze amayi kuti kontirakiti ikatha ndidzabwera kudzagwada ndekha. Bambo mungowagwira dzanja m'malo mwanga.

A Shaibu abwerera kuno mwezi wamawa. Musavutike kulemba zambiri. Mungowauza ngati mbande zili m'nthaka kapena zikadali m'mapepala.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Macfussy