Mtundu Wathu M'kompyuta ya Humphrey

Katunga, Chikwawa

Okondedwa achimwene a Lorenso,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti dzuwa la chaka chino lanyanya, ndipo mwendo wanga uja sunasiyebe kuwawa.

Ndalemba chifukwa cha msuweni wathu Humphrey, mwana wa amalume a Gabriel. Munthu amene pamaliro a amayi anangoonekera n'kubwerera ku Blantyre, lero ndiye wayamba kutikonda. Akubwera pafupipafupi ndi kompyuta yake, akuti akulemba mtundu wathu wonse kuti ana asadzaiwale kumene anachokera.

Poyamba ndinakondwa. Ndinamupatsa makhadi a ubatizo ndi zithunzi zakale, n'kumuperekeza kwa akuluakulu kuti amufotokozere za makolo.

Tsiku lina anayala zonse pamkeka n'kuyamba kusankha ngati akusankha nyemba. Zokhala ndi deti ndi chidindo ankazilowetsa m'kompyuta. Timapepala tomwe analembapo zonena akuluakulu ankatiponya mu envulopu yaikulu imene pamwamba pake analembapo kuti "Zina ndi zina".

Kenaka anandionetsa zimene walowetsazo. Pamwamba penipeni pali agogo aamuna a Sebastiano, munthu amene anachoka ku Mozambiki ndi thumba limodzi n'kudzakhala kuno pachikamwini. Pansi pawo pali amalume, kenaka Humphrey mwini wake. Amayi athu ali chakumbali ngati alendo. Agogo aakazi, eni ake a dimba, angolembedwa kuti mkazi wa a Sebastiano. Amayi awo ndi azigogo ena onse aakazi, amene akuluakulu anawatchula osaphonya ndi mmodzi yemwe, ali mu envulopu muja.

Nditamufunsa anaseka. Akuti pulogalamu yakeyo imafuna umboni, ndipo azimayi akalewo alibe khadi, alibe deti. Akuti sanataye kanthu, adzazisanja bwino akapeza mpata. Ndinamuuza kuti kwa ife Amang'anja mwana ndi wa kwa mayi ake, ndiye kompyuta yakeyo kapena ndi Msena. Anangoti msuweni mumaseketsa. Nditapempha kuti envulopuyo andisiyire ndisunge, anakana, akuti kuno chiswe chidya.

Mwina ndikumuganizira zoipa, Mulungu andikhululukire. Koma anthu a kampani ya nzimbe ayamba kuyendayenda kuno, akuti posachedwa alemba eni minda. Ndipo a Ethel, oyandikana nafe kudimba aja, anamupeza akutsata malire a dimba lathu foni ili m'manja. Atamufunsa anayankha kuti akujambula momwe ankadutsa makolo. Makolo ake ati amene ankayenda m'malire mokhamokha?

Tsopano akuti asindikiza zimenezi n'kugawira abale onse mwezi wamawa, pamwambo wa chiliza cha agogo aakazi omwewo. Achimwene, ndili ndi mantha. Pepala likasindikizidwa anthu amalikhulupirira kuposa pakamwa panga. Dimba limenelo ndi lomwe limandidyetsa ine ndi anawa, ndi lomwenso ndikufuna kudzasiyira mwana wanga wamkazi Pempho monga amayi anandisiyira ine. Pepala la Humphrey likafika m'manja mwa olemba mindawo, ine ndidzaloza chiyani?

Inu ndinu mwini mbumba. Ine ndikalankhula akuti ndi phokoso la azimayi, koma inu amalume sangakudulireni mawu. Humphrey wanena kuti akuimbirani foni kuti mumutumizire chithunzi chanu aike m'kompyutamo. Chonde musatumize. Nkhope yanuyo mubwere nayo nokha. Mudzaime pachilizapo abale onse akumva, mutchule azimayi aja mmodzimmodzi, kuyambira amene anayamba kuswa mphanje kudimbako mpaka kufika pa Pempho.

Ambuye akusungeni ndi kukutsegulirani njira. Mupereke moni kwa alamu ndi ana, muwauze kuti azakhali awo sakugona tulo.

Ine mlongo wanu,
Anita