Chule wa Pachipata

Morecambe, Lachitatu

Wokondedwa mlongo wanga Hilary,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Perth kumeneko pamodzi ndi alamu anga a Graham ndi ana. Bondo lija linasiya kukuvuta? Kuno mvula ndi ya tsiku ndi tsiku, mphepo ya kunyanja ikuwomba ngati yachita kutumidwa. Ine m'thupi ndili bwino. Amayi nawo akudya, akuyenda ndi ndodo yawo, shuga sanakwere. Koma pali nkhani, ndipo ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndikanangoyamba nthabwala n'kuizemba, monga umandidziwira.

Ukulikumbukira buku lija Bambo ankatiwerengera mpaka kutuluka misozi ndi kuseka? La wamatsenga waulesi amene analembedwa ntchito yopha chinjoka cholavula moto, pomwe chinjokacho chinkangofuna kutsegula malo ophikira buledi? Ndinakuuza chaka chatha kuti akulisandutsa sewero la pa TV la magawo anayi, ndipo ine anditenga. Zinali zoona. Ndinakuuzanso kuti ndidzakhala nduna yaikulu ya mfumu. Nazonso poyamba zinali zoona. Anandiyeza mkanjo wofiira, mawu anga ndinaloweza onse. Titatsala pang'ono kuyamba kujambula, anapeza munthu wotchuka kuposa ine, ndipo anandifunsa mwaulemu ngati ndingavomere kukhala chule.

Chule, Hilary. Chichule chachikulu ngati munthu, chokhala pachipata cha mzinda, ntchito yake kugeya mlendo aliyense akamalowa. Moyo wanga wonse ndili m'zisudzo, n'kudzathera m'chovala cha labala, thukuta lili kamukamu, ndikugeya motsatira malangizo. Ndinavomera, poti ntchito sizibwera kawirikawiri pa msinkhu wangawu. Koma sindinauze munthu.

Amayi anali atalengeza kale kunyumba ya okalamba konse kumene amakhala kuti mwana wawo ndi nduna ya mfumu. Ulendo uliwonse ndikapita ndinkati lero ndiwauza. Ndikafika n'kuwaona akundionetsa kwa anzawo, ndinkangoyamba nkhani ina.

Gawo loyamba linaonetsedwa Lamlungu madzulo, masiku khumi apitawo. Bev, mayi amene amawasamalira uja, anandandalika mipando m'chipinda chochezera, anagula keke, anafulula tiyi wambiri. Amayi anakonzetsa tsitsi n'kuvala diresi ya buluu ija anavala pa ukwati wako. Panalinso a Tattersall, mkulu wina amene kale ankayendetsa basi, wosasowa chonena. Atangondiona anafuula kuti, ameneyu ndiye wa pa TV uja? Anati ine ndinamuona kamodzi kokha akutsatsa mankhwala a chimfine, ntchito kuyetsemula basi. Anthu anaseka, nanenso ndinaseka.

Sewero linayamba bwino. Chinjoka chitapsereza buledi wake woyamba, nkhalamba zinagwira nthiti. Kenaka inatulukira nduna ya mfumu, mkanjo wofiira uli psuu, nkhope ya munthu wina. Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Ndinanama pomwepo kuti nduna zilipo ziwiri, ine ndidzaoneka m'gawo lachitatu.

Pasanapite nthawi, chule uja anadzadza TV yonse, n'kugeya. M'chipinda monse munali phwete. Amayi anadzutsa dzanja, chala chili pa TV, nkhope ikuwala, n'kunena mokweza kuti ndi uyo, ndi Clive wanga uyo! Kuseka kunawonjezeka. A Tattersall anauza Amayi kuti akufanana ndithu, Doreen, makamaka pakamwapo. Amayi sanabwerere m'mbuyo. Anati taonani phazi lamanzerelo mmene lapindikira m'kati, ndinamubereka ndine, ndingalephere kumudziwa?

Hilary, imva zimene ndinachita. Ndinawagwira mkono, ndinatsitsa mawu ngati mmene amayankhulira anamwino, n'kuwauza kuti, Amayi, mwasokonezeka pang'ono, ameneyo ndi chule, ine ndili pano. Ndiye ndinamuyang'ana Bev, kuyang'ana kuja kotanthauza kuti waonatu mmene zikukhalira masiku ano.

Kuseka kunatha. Amayi anatsitsa dzanja pang'onopang'ono. Anayang'ana TV, anayang'ana ine, kenaka anauza chipinda chonse kuti pepani. Keke yawo sanaikhudzenso. Sewero litangotha ndinadzuka n'kuzimitsa TV ndekha, maina a ochita sewero asanayambe kuoneka.

Ukudziwa kuti chaka chatha Amayi ankaiwala maina apo ndi apo, ndipo dokotala ananena kuti tizionetsetsa. Bev anachita zimene ntchito yake imafuna, anakanena zomwe anaona. Pakati pa sabata anandiimbira foni kuti dokotala adzawayeza, ndipo akuganiza zowasamutsira m'zipinda za m'mwamba. Unafikako m'mwamba muja. Zitseko zimakhala zokhoma, ndipo munthu satuluka yekha ngakhale kukaona maluwa panja.

Nditapita Lachinayi ndinawapeza ali okha pawindo. Makadi amene amasewera masana ndi anzawo anali atasiya, akuti akuopa kuchititsa manyazi. Bev anandiuza kuti akumangofunsa kuti lero ndi lachingati, n'kuwonjezera kuti musandinamize. Nditakhala pansi anandigwira dzanja, n'kundifunsa monong'ona kuti, Clive, bambo ako anamwalira eti, kapena nazonso ndikungoganiza? Ndinawayankha kuti anamwaliradi. Zinazo sindinanene. Ndinatuluka, ndinakalowa m'galimoto, ndinalira ngati mwana, koma sindinabwerere m'katimo. Mchimwene wako ndi wamantha chomwecho.

Lamlungu lapitali kunali gawo lachiwiri. Amayi anakana kutuluka m'chipinda chawo mpaka Bev anachita kuwanyengerera. Anakhala kumapeto, manja ali pamiyendo, osayang'ana munthu. Chule atatulukira anaweramitsa mutu.

Ndinadzuka. Ndinakaima pambali pa TV, ndinapinda phazi langa lija, ndinakoka mpweya monga ndinkachitira m'chovala muja, n'kugeya. Kugeya kwenikweni, kofanana ndendende ndi kwa pa TV. Ndiye ndinawauza onse kuti chule ameneyu ndine, unduna anandilanda kalekale, Amayi sanalakwitse kanthu, wabodza ndine.

Ndinkayembekezera kuti aseka, koma palibe amene anaseka. A Tattersall anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, iwe mnyamata, ukanakhala mwana wanga ndikanakuwomba mbama pompano, imvi zakozo zili pomwepo. Bev anangondifunsa ngati ndikudziwa zimene iye anauza dokotala chifukwa cha ine. Ndinati ndikudziwa. Anati ndiye mukamuuze nokha, ine musandilowetsemo kawiri.

Ndinawaperekeza Amayi kuchipinda chawo. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anati iwo anandizindikira ndili m'chovala cha labala, ndi maso awo okalambawo, koma ine ndinawayang'ana m'maso n'kuwauza kuti mutu wawo wasokonezeka. Ndinati anali manyazi, Amayi. Anandifunsa kuti manyazi a chiyani, popeza chule yekhayo ndi amene anaseketsa Tattersall mpaka kutsamwa ndi tiyi. Kenaka anati sabata yonse akhala akuopa mutu wawo womwe, akadzuka m'mawa amayamba atchula maina athu ndi a zidzukulu kuti aone ngati onse alipo. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo kupepesa. Anandisisita m'mutu kamodzi, n'kundiuza kuti ndizipita, atopa.

Dzulo ndinakaonana ndi dokotala ndipo ndinamuuza zonse, osabisa ngakhale kuyang'ana kuja ndinamuyang'ana Bev. Zowasamutsa waziimitsa kaye. Kuyeza akuti kuchitikabe, chifukwa mantha a sabata ija awabweza m'mbuyo, ndipo akufuna kumva kwa wachibale wina amene amayankhula nawo kawirikawiri. Sananene, koma ndinamva ndekha kuti mawu anga okha sakukwanira.

Ndiye pempho langa ndi ili, mlongo wanga. Muimbire dokotalayo, nambala ndakutumizira pa foni. Umuuze mmene Amayi amakumbukirira masiku obadwa a ana ako, ndi mmene anakukonzera iwe pamene unasokoneza dzina la msewu wathu wakale. Uwaimbirenso Amayi, osadikira foni yako ya Loweruka. Uwauze kuti mutu wawo uli bwino. Kwa iwe akhulupirira. Masiku ano akafunsa kanthu ine ndili pomwepo, ndikayankha amayang'ana kwa Bev kuti atsimikize. Sindikudandaula, ndinaziputa ndekha. Ngati ungathe kubwera pa Khirisimasi, bwera, chipinda changa ndikupatsa, ine ndigona pa sofa. Ukafuna kundinyoza undinyoze, ndimvetsera mpaka utamaliza.

Pochoka kwa dokotala ndinadzera kwa Amayi. Ndinawapeza abwerera pa makadi, ngakhale akumafunsa kawiri asanaponye. Ndili pakhomo ndinawamva akuuza mayi wina wachilendo kuti mwana wawo ali pa TV, ndi chule, amageya bwino kwambiri. Ananena monyadira, Hilary, kunyada komwe kuja ankanenera za unduna. Ndinaima m'khonde kwa kanthawi ndisanalowe.

Ndinawafunsa ngati ndibwere Lamlungu kudzaonera nawo gawo lachitatu. Anayang'ana makadi awo kaye, kenaka anati ndibwere, koma ndidzakhale kutsogolo pomwe angandione. Chule akadzatulukira iwo sadzanena kanthu, adzangondiyang'ana, ndipo ndidzanene ndekha.

Ndidzanena.

Undiperekere moni kwa alamu anga, kwa Tess ndi Rory. Sewerolo likafika kumeneko uwauze anawo kuti chule ndi malume awo, asachite kumva kwa ena. Mulungu akusungeni nonse, ndipo bondolo ulisamale.

Ndine mchimwene wako,
Clive