Singano ya M'kachitini ka Fodya

Wokondedwa muphwa wanga Laston,

Uwerenge utaimirira, pakuti akukulemberawa ndi Pulezidenti wa odwala nyamakazi onse kuno ku Chiringa, osankhidwa popanda kubera mavoti. Azakhali ako ali bwino, koma chimanga chachita manyazi.

Zikomo pondikakamiza kupita kwa adokotala atsopano, a Msiska. Ndinatenga singano ya banja lathu, yosunga m'kachitini ka fodya ija, imene wajakisoni wa panjinga anakubaya nayo uli mwana. Ndinati, "Adokotala, yawiritsidwa kale iyi, musavutike." Iwo anati, "Agogo, imeneyi yapuma pantchito," n'kuiponya m'bokosi lotseka. Anasamba m'manja ngati akudya kwa apongozi, n'kutsegula yatsopano ine ndikuona. Anandifunsanso mankhwala amene amandiwenga! Chibadwire sindinafunsidwepo. Mulungu awasunge.

Koma atandigwira pamimba anasiya kuseka. Akuti pali kachotupa koti akakaone akuluakulu ku Blantyre, ndipo ndisapite ndekha. Ndikudziwa kuti ntchito yako n'njovuta tchuthi. Usadandaule, ine sindikuopa, munthu wosambira pa Chilwa ng'ona zikuyang'ana.

Ndine malume ako,
Jairos Mukhova

Ndinaiwala: za ng'onazo n'zoona. Zoti sindikuopazo ndapeka.