Mgolo wa Atate Ubwerere Kumene Unachokera

Chowa, Kabwe
9 Juni

Alongo anga a Laban,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Chadiza. Miyendo ya amayi ikuti bwanji ndi kuziziraku? Ife kuno tilipo, kungoti Tamara wanga akutsokomolabe, fumbi la kumgodi wakale silitipatsa mpata.

Uthenga wanu ndinaulandira, woti mafuta a mumgolo wa atate atsala pang'ono kutha, ndikupezereni ena kufakitale oti mupake mitengo ya nkhokwe yatsopano. Alongo, sinditumiza, ngakhale kadontho. Khalani pansi ndikuuzeni.

Mukudziwa kuti kampani yathuyi inayamba ngati kashedi kokonzera mathiransifoma a magetsi a kumgodi, atate ali mmodzi wa anthu oyamba kukulunga mawaya amkuwa mmenemo. Masiku amenewo mafuta otha ntchito ankangogawira antchito, ndipo wopuma pantchito ankamupatsa mgolo wodzaza ngati zikomo. Wathu uja unafika kumudzi choncho. Tinkaunyadira bwanji, chiswe chikulambalala nkhokwe yathu kukadya za anzathu!

Pano zinasintha. Tikupanga mathiransifoma atsopano, mafuta ake ndi ena, ndipo dontho likagwa pasimenti timalipukuta msanga, chisanzacho n'kuchitsekera m'chitini. Akale aja akapezeka m'thiransifoma yobwera kudzakonzedwa amawayeza, kuwatsekera m'migolo, n'kuwatumiza kutali kukawotchedwa. Owagwira amavala ngati akukafula njuchi. Anatiphunzitsa kuti ali ndi poizoni wosatha m'nthaka, wolowa m'chakudya ndi m'thupi pang'onopang'ono. Ife takhala tikupaka zimenezi ndi manja, chimanga chili pomwepo.

Sabata yatha kunali phwando la zaka makumi asanu za kampani. Ba Evaristo, amanijala athu, anawerenga kabuku ka mbiri, ati chiyambire palibe mafuta amene anatulukapo pageti. Iii! Ndinangozindikira ndaimirira, chitumbuwa chili m'manja. Ndinawauza kuti limenelo ndi bodza, mgolo wina uli kuseri kwa nyumba ya amayi anga, ndipo ilipo yambiri m'midzi ya anthu amene anamanga kampaniyi.

Lolemba anandiitana ku ofesi. Ati ndawachititsa manyazi pamaso pa alendo, ndisaine pepala lovomera kuti ndinalankhula zopanda umboni, apo ayi ndidziwe kuti pageti pali ambiri osirira makina anga. Ndinawabwezera cholembera chawo. Alongo, taganizani bwino. Ngati kampani sinapereke mgolowo, ndiye kuti atate anaba. Atate amene ankabweza ngakhale msomali akaupeza m'thumba la ovolosi! Ine ndisaine zimenezo ndi dzanja langali? Awe, sizitheka.

Mantha ndili nawo, sindikubisirani, Tamara akadali pasukulu ndipo ntchito m'Kabwe muno sizitoledwa pamsewu. Anzanga ena m'minibasi akundithawa mpando, ena akundinong'oneza kuti nawonso kwawo ulipo. Ine ndawauza kuti kunong'onako akachitire ku ofesi, mokweza.

Pempho langa ndi limodzi. Tsekani mgolowo mwamphamvu, musautsuke, musautaye, musapakenso. Pambali pake pali chidindo cha kampani ndi nambala. Pukutanipo ndi chisanza, mutavala mapepala apulasitiki m'manja, mujambule ndi foni ya alamu, munditumizire lisanafike Lachisanu, tsiku limene andiitananso. Nkhokwe yatsopanoyo mumange patali, mitengo yake mungoiwaula pamoto kumatsinde monga ankachitira kale.

Ndikudziwa amayi akana kuti mgolowo uchoke pakhomo, adzati ndicho chokha chotsala cha amuna awo. Muwauze kuti kuno akufuna kuwasandutsa mbala amuna awowo, ndipo mboni yawo ndi mgolo womwewo basi. Sindikufuna uchoke mozemba ayi. Ndikufuna lole ya kampani ifike pakhomo dzuwa lili pamutu, mudzi wonse ukuona, eni ake ausenze okha atavala zofulira njuchi zawozo. Ukalowe pageti lomwe unatulukira, Ba Evaristo ali chilili, ndipo m'kabuku kaja alembemo zoona pamodzi ndi dzina la atate, a Simeon Mbewe.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu anga a Margret, amalume a Bwezani ndi ana onse. Tamara akuti agogo amusungire nzimbe.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,
Felistas