Manja a munthu wa yunifomu

Loweruka, Ogasiti 1994, Palabana. Kunali mphepo ndi fumbi, ndipo mutu wanga wadzaza mafunso.

Masana tinakaonera vidiyo kwa aneba, ine, amuna anga ndi apongozi aamuna. Filimu yake inali ya zolengedwa zochokera kumwamba zimene zinalanda dziko. Anthu ena anathawira kuthengo kukamenyana nazo, ena anavala yunifomu ya zolengedwazo n'kumagwira abale awo. Mmodzi wa ovala yunifomuwo anagwira ngakhale m'bale wake weniweni.

Pobwerera ndinafunsa amuna anga, "Atate ake Chipo, mukanakhala m'filimu muja, imwe sembe munakhala mbali iti?"

"Sembe ninavala yunifomu. Ana afunika kudya."

"Nanga atakutumani kuti munigwire ine?" Ndinkaseka, koma iwo sanaseke.

Apongozi anali patsogolo, akukankha njinga. Osacheuka anati, "Wa yunifomu uja ndiye anali na mantha kupambana onse. Simunaone manja ake?"

Ine manjawo sindinawaone. Ndinali kalikiliki kumutukwana mumtima.

Titafika kunyumba amuna anga anandiuza motsitsa mawu kuti nthawi ya azungu apongozi anali mesenjala wa boma wovala yunifomu, ndipo anatumidwa kukagwira mng'ono wawo pa nkhani za ndale. Kaya anamugwira kaya anamuthawitsa, palibe mwana amene adafunsapo.

Mng'ono wawoyo ndimawadziwa. Amabwera chaka chilichonse kudzathandiza kukolola, ndipo awiriwo amadyera mbale imodzi.

Ndikufunitsitsa kudziwa zimene zinachitika atafika pakhomo la mng'ono wawo. Koma ine mkamwana, amene ndimagwada powapatsa madzi, ndingayambire pati...