Mizere ya Mayi Aja

Lachitatu madzulo. Kwazizira, ndipo m'nyumba muli zii.

Lero ndakumba mbatatesi kumunda kwathu ku Chimbonila. Mizere iwiri imene malemu akazi anga anakwiriramo makala a zitsononkho, osakaniza ndi manyowa a mbuzi, yabereka kuposa yonse. Dothi lake n'lofewa, chinyezi chikadalimo. Paja ine ndinkawaseka kuti akungodetsa munda.

Che Saide, oyandikana nafe munda, anaima n'kufunsa za feteleza, "Achimwene, mwathira adubo wanji apa?"

Ndinati, "Si ine, ndi mayi aja."

"Ndiye mutiphunzitse."

Ndinangovomera ndi mutu. Koma kaotchedwe ka makalawo mayi ajawo sindinawafunsepo ngakhale tsiku limodzi. Ndimakumbukira kuti ankasonkha moto m'dzenje. Kaya ankazimitsa ndi madzi, kaya ndi dothi, ine ndinkangodutsa...