Supuni Yoimika mu Mpunga wa Bambo

Motul, Yucatán

Wokondedwa mwana wanga Ofelia,

Ndikhulupirira muli bwino ku Monterrey, iwe, amuna ako ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti maondo akundikana ndipo adokotala sakusangalala ndi mtima wanga. Koma sindinakhalire pansi kuti ndilembe za maondo. Nkhani ndi ya bambo ako, Macario, mkulu wanga, amene ukumusunga kumeneko. Kalatayi umuwerengere mokweza, osadumpha mawu.

Ukudziwa kuti agogo ako aamuna anachoka ku Koreya ali kamwana, makolo awo atabwera kudzadula khonje m'minda ya kuno. Chimene sudziwa ndi ichi: Macario anakula akumva Chikoreya, ine ayi. Anzake kusukulu ankamunyoza kuti ndi Mtchaina, ndiye mkwiyo wake ankaphwetsera pa ine. Ndikangotchula liwu limodzi la kwa bambo, khofi. Ankati m'nyumba muno tonse ndife a ku Mexico, basi. Bambo anali munthu wofatsa, anangosiya kundiphunzitsa.

Kenako bambo anadwala, anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo Chisipanishi chonse chinawathawa m'mutu. Chinatsala Chikoreya chokha. Wowasamalira ndinali ine, poti sukulu ndinali nditasiya kale.

Ndikawabweretsera mpunga, ankatenga supuni ndi dzanja lamoyo lija n'kuiimika pakati pa mbale, akundiyang'ana, akulankhula, misozi ili chuchuchu. Ine ndinkaizula n'kuwadyetsa. Iwo n'kuiimikanso. Ndinamufunsa Macario kuti akuti chiyani. Anandiyankha kuti akungobwebweta, mutu wapita, ndingowadyetsa ndizipita. Anamwalira choncho.

Tsopano tamva. Mdzukulu wanga Yamilé anandiikira m'foni njira yosinthana zilankhulo: iwe umaphunzitsa munthu chako, iye n'kukuphunzitsa chake. Ndinakana poyamba, koma mwana uja sagonja. Anandipezera Mayi Bok-sun a ku Mokpo ku Koreya, mayi wamasiye amene mwana wawo anakwatira ku Peru, ndipo adzukulu awo samva Chikoreya, amangolankhula Chisipanishi. Timacheza kuno kuli madzulo, kwawo kuli m'mawa. Timayamba ndi Chisipanishi, n'kumalizira Chikoreya.

Ndi mayi wa pakamwa. Amati ndimalankhula ngati mwana wongosiya kuyamwa, ndipo nkhope yachikoreya anangondiwonongera. Ine ndimawabwezera kuti Chisipanishi chawo ngakhale galu wanga atamuitana sangadzuke. Ndimanama, chawo chili patsogolo kuposa changa.

Pa masiku okumbukira akufa ndinawaonetsa tebulo lathu: makandulo, maluwa, chakudya, chithunzi cha amayi ndi cha bambo. Iwo anati nanenso ndione, n'kundionetsa chithunzi cha tebulo limene amakonzera malemu amuna awo. Panali nsomba, zipatso, ndi mbale ya mpunga. Pakati pa mpungawo, supuni ili chilili.

Ofelia, foni inandigwa m'manja.

Nditaitola ndinawafunsa, ndipo anandifotokozera pang'onopang'ono. Anati kwawo munthu wamoyo samuimikira supuni mu mpunga. Amatero podyetsa akufa, chaka ndi chaka pa tsiku limene anamwalira, ndipo kale lonse inali ntchito ya mwana wamwamuna woyamba. Amaimika supuni, n'kugwada mpaka chipumi chigunde pansi.

Ndinawauza za bambo ndi supuni yawo ija. Kenako anati bambo anga mutu unali bwinobwino, ankangopempha kuti akadzapita tisadzawasiye ndi njala.

Ine sindinkamva, mwana wanga. Macario ankamva liwu lililonse. Anaima pakhomo paja akumva bambo ake akupempha, ndipo anandilola kuzula supuni ija tsiku ndi tsiku mpaka anasiya kuiimika. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuuza ana anga kuti agogo awo anafa atasokonezeka mutu.

Mayi Bok-sun akuti masiku ano mwana aliyense akhoza kuchita mwambowu, ndingochita ndekha mtima ukhale pansi. Anandinenanso kuti ndine nkhalamba youma mutu. Mwina n'zoona. Koma bambo sankapempha ine ndekha, ndipo mwana wawo woyamba adakali moyo, akudya katatu pa tsiku m'nyumba mwako.

Usandiuze kuti zinapita kale. Usandiuzenso kuti wakalamba. Tonse takalamba, n'chifukwa chake ndikufulumira. Kupepesa kwake sindikukufuna, akusunge.

Upereke moni kwa amuna ako a Teófilo ndi kwa ana onse. Mulungu akusungeni, ndipo akudalitse iwe chifukwa chosamalira kholo lako. Pamenepo suli ngati iye.

Chimene ndikufuna ndisanatseke maso ndi chimodzi. Bambo anamwalira mu Febuluwale. Febuluwale akubwerayu ubwere naye Macario kuno ku Motul. Mpunga ndidzaphika ine. Akati Chikoreya anaiwala, umuuze kuti mawu oitanira bambo ndawaphunzira, ndidzanena ine. Akati maondo sangapinde, ndidzamugwira mkono, tidzagwada limodzi. Koma supuni adzaimike yekha, ndi dzanja lake.

Ndine bambo ako aang'ono,
Fidencio Yu Canché